Bowo Limene a Fyuzi Anadula Okha

Dzina loti Fyuzi analitenga ali mnyamata, chifukwa anali woonda ngati kawaya ka m'fyuzi. Lero mukawaona akutsika panjinga yamoto, bokosi la zitsulo lili kudzanja, mimba itatsogola ngati ndiyo ikudziwa njira, mukhoza kuganiza kuti anthu amangowanyoza. Ayi ndithu, dzinalo linali loona pa nthawi yake. Eni ake amati dzina linatsalira m'mbuyo, thupi n'kupitirira.

Ntchito yawo ndi ya magetsi, ndipo amaidziwa, tisawanamizire. Kunenepako nakonso kunabwera ndi ntchito yomweyo. Pajatu wamagetsi amaitanidwa magetsi atathima kale, ndipo magetsi akathima chimene chimayamba kuvutika ndi filiji. Ndiye a Fyuzi amati akangomaliza kulumikiza waya, akupukuta m'manja, mayi wa pakhomopo watulukira ndi mbale. "Bambo, tatithandizani, nyamayi ionongeka." Kwina masoseji, kwina keke yotsala, kwina mkaka woti umwedwe lero lomwe. Nanga munthu wachifundo n'kukana? A Fyuzi anapulumutsa zakudya zambiri m'moyo mwawo, ndipo zonsezo anazisunga malo amodzi.

Chodabwitsa n'chakuti iwo sankadziwa kuti anenepa. Ife amimbafe aliyense amakhala ndi umboni wake. Wina amati sikelo ndi yakufa, wina amati kwawo onse ndi a mafupa akuluakulu. Umboni wa a Fyuzi unali thalauza lakhaki logwirira ntchito. Analigula mwana wawo womaliza akuyamba sukulu, ndipo linkawakwanabe mwanayo atamaliza. Lamba sankavala. Ankati mwamuna wa telala safuna lamba, pakuti akazi awo amasoka zovala pakhonde, ndipo iwo amawaitana choncho, a Telala. Munthu akawaseka, ankangodzimenya m'chiuno. "Thalauza ndi lomwe lija, aise. Mimbayo ukuiona pati?"

Kutsidya kwa tauni kumakhala amayi awo, okhaokha, m'nyumba imene anamanga malemu bambo awo. Mawaya a m'nyumba imeneyo anaika ndi a Fyuzi atangomaliza maphunziro, inali ntchito yawo yoyamba. Bowo lolowera m'siling'i analidula okha, m'kolido, pakati pa mitanda iwiri imene yanyamula thanki ya madzi. Poyeza sanatenge tepi. Anadziyeza m'chiuno, n'kuonjezerapo zala ziwiri, n'kuuza bambo awo monyada kuti wakuba wonenepa sadzadutsapo. Onse anaseka tsiku limenelo. Zaka zinadutsa mawayawo osavuta, choncho panalibe amene anakweranso.

Tsono nyengo yozizira amayiwo anaimba foni. "Iwe, muno mukumanunkha pulasitiki wopsa ndikayatsa getsi."

A Fyuzi anathamangirako. Fungolo analimva akadali pakhomo, ndipo wamagetsi aliyense amalidziwa, ndi fungo limene limatsogolera moto. Anazimitsa swichi yaikulu ya mababu onse, n'kusiya ya masoketi kuti filiji ndi ketulo zizigwirabe ntchito. Anatsamiritsa makwerero, n'kukankha chivundikiro cha bowo lija. Mutu unalowa. Mapewa analowa atawapendeketsa. Chifuwa chinalowa mokakamiza. Ulendo unathera pomwepo.

Anatulutsa mpweya wonse, anayesa. Anapotokola thupi, anayesanso. Poyesa kubwerera pansi anaponda molakwika, makwerero aja khu! pansi. Apa ndiye theka la munthu linali kumwamba ndi akangaude, theka lina likupalasa m'malere. Ndi tochi ya pachipumi ankatha kuona kumene fungo linkachokera, uko kungodya, pamwamba pa chipinda cha amayi, patali poti ngakhale ndodo siikanafika.

"Wafika?" anafunsa amayi ali pansi.

"Ndili m'njira, amama."

Anawatsitsa ndi aneba, ndi sopo wochapira mbale. Anebawo ndi munthu waulemu, sanaseke mpaka atatuluka pageti.

Pasanathe nthawi amayi aja anagwa m'kolido momwemo n'kusupuka chigongono. Apa m'pamene anatulukira achemwali a a Fyuzi, aakulu, a galimoto, amene amalankhula ngati nthawi zonse ali pamsonkhano. Anakhala onse atatu pabalaza, nyale yotchaja ili patebulo.

"Achimwene, itanani mnzanu woonda akwere," anatero achemwali.

"Pamwamba pa chipinda changa sipakwera mlendo," anatero amayi. "Mwana wanga ndi wamagetsi. Anthu adzati chiyani?"

"Ndiye chotsani lata limodzi, mulowere padenga."

"Malata anakhoma bambo ako. Msomali wawo suzulidwa ine ndili moyo."

A Fyuzi anati mwina angodutsitsa waya wina pakhoma. Amayi anati nyumba yawo si poyanika zovala. Komanso iwo eni ankadziwa kuti waya wopsa uja afunika kuonedwa ndi maso, sangasiyidwe kumwambako. Kukulitsa bowo nakonso kunali kosatheka, pokhapokha ngati ankafuna kuti thanki itsikire pamutu pa munthu.

Achemwali ananyamula chikwama. "Chabwino. Mvula ikayamba magetsi asanayake muno, amama ndikuwatenga. Chipinda ndakonza kale. Sindingadikire kuti adzathyoke chiuno."

"Ine muno ndidzatuluka atandinyamula," anatero amayi.

A Fyuzi zinawapweteka, ndipo zinawapweteka kwambiri. Achemwali si munthu woipa, koma amakhala m'nyumba zosanjikiza, kumwamba kwenikweni, kopanda bwalo, kopanda mpando wa amayi wa pawindo, kopanda msomali wa bambo. Ankadziwa kuti amayi akapita kumeneko akangofota. Ndipo chimene chinkawathamangitsa m'nyumba mwawo sichinali china ayi, koma mimba ya mwana wawo yemwe.

M'mawa mwake anapita kujimu, ija ili pamwamba pa sitolo ya matayala. Pofika pamwamba pa masitepe anali ali kale wefuwefu. Atatsegula chitseko anaona azibambo anayi onenepa akulowa nthawi imodzi, onse atavala khaki, ndipo mmodzi anamupatsa moni asanazindikire kuti makoma onse ndi magalasi. Kunabwera bambo wina wa minofu, malaya ake othina ngati obwereka, n'kuwaonetsa makina. Awa ndi othamangira osapita kulikonse, awa ndi opalasa njinga yopanda matayala. A Fyuzi maso anali pasoketi imodzi imene inkadyetsa makina onsewo, ndipo mtima wa ntchito unawawawa. Kenako bamboyo anatchula mtengo wa pamwezi. Thukuta limene linatuluka pamenepo linaposa la pamasitepe.

"Nanga oyamba kumene ngati ine amanyamula chiyani?"

Bamboyo anawalozera chitsulo. A Fyuzi anachinyamula ndi dzanja limodzi, chinkapepuka kuposa bokosi lawo la ntchito.

"Ndiye ndizilipira kuti ndinyamule kachitsulo aka, pamene katundu weniweni ndabwera naye ndekha?" Anagwira mimba ndi manja awiri. "Zikomo, achimwene. Koma soketi iyo muisinthe, idzakuotcherani nyumba."

Anayamba okha, kuseri kwa nyumba, pakati pa khoma ndi chingwe choyanikira. Anayala katoni ya filiji, n'kutsamiritsa foni panjerwa. Pafonipo panali munthu wina amene ankachita zonse akumwetulira, ngati sakumva kanthu, ndipo a Fyuzi anadana naye tsiku loyamba lomwelo. Anayamba ndi mapushapu. Vuto linali lakuti mimba inkafika pansi manja asanapinde, ndiye sankadziwa ngati awerenge kapena ayi. Anawerenga. Kenako kunyonyomala n'kudzuka. Maondo analira mpaka a Telala anatuluka kudzaona amene akuthyola mpanda. Panalinso kwina kogona chafufumimba, utatsamira zigongono ndi zala za kumapazi, thupi lili nga ngati thabwa. Pamenepo a Fyuzi anaphunzira kuti mphindi ndi chinthu chachitali. Ankanjenjemera thupi lonse ngati agwira waya wamoyo, uku akutukwana munthu wa pafoni uja motsitsa mawu.

Tsiku lina mayi wa nyumba yoyandikana anasuzumira pampanda, n'kuwaona ali chafufumimba pakatoni, osagwedezeka. Anakuwa, "Mayo, a Fyuzi agwa!" Anthu anathamanga, wina ndi madzi, wina ndi supuni yoika m'kamwa. A Fyuzi anangotukula mutu, nkhope ili thapsa. "Ndili bwino, ndikupuma. Iyi ndi jimu."

Koma sanasiye, zimenezo tiwayamikire. Anaonjezera kukwera ndi kutsika makwerero awo a ntchito, ndiponso kulendewera pamtanda wa pakhonde, mpaka mtandawo unalira ndipo a Telala anati akapitiriza awagwetsera denga pamakina. Chimene sanasinthe ndi chifundo chawo pa mafiliji a anthu. Ankati munthu wolimbitsa thupi amafunika mphamvu.

Kwa amayi ankapitako pafupipafupi kukawatchajira nyale, chifukwa okha ankaiwala. Kumenekonso mbale sinkachedwa. Filiji yawo inali yamoyo, panalibe chimene chikanaonongeka, koma amayi ankakazinga mazira, kudula buledi wokhuthala, kupaka majarini mbali zonse. "Idya. Ukufuna anthu aziti sindikudyetsa?" Pothira tiyi, wina ankathera m'sosala. Tsiku lina m'tiyimo anathira mchere. "Ndi mdima wa nyumba ino," anatero. "Ngakhale masana muno simuoneka." A Fyuzi ankamwa tiyi wamchereyo mwakachetechete, poganiza kuti mlandu ndi wawo.

Patapita masabata angapo thalauza lija linayamba kukhwefuka. Poyamba chala chimodzi chinkalowa m'chiuno, kenako dzanja lonse. Abale, a Fyuzi anasangalala! Ankayenda atagwira thalauza dala kuti anthu afunse. Ankalangiza anzawo kuntchito kuti jimu n'kutaya ndalama, thupi lako ndilo chitsulo chako. Anaimbira achemwali foni. "Bwerani Loweruka mudzaone magetsi akuyaka."

Loweruka anakwera makwerero akuimba mluzu. Mutu unalowa, mapewa analowa, chifuwa chinalowa. Ulendo unathera pamalo pomwe paja, osasuntha ngakhale pang'ono. Ndipo poti anali atakweza manja n'kukokera mimba m'kati, thalauza lija linaona kuti palibenso choligwira. Linatsetsereka pang'onopang'ono, mwaulemu, mpaka pansi pa makwerero.

Achemwali anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka. Kenako analitola kuti awapatsire, ndipo politola linatembenuzika. Anasuzumira m'kati mwake.

"Achimwene, thalauza ili ndi la anthu angati?"

A Fyuzi atatsitsidwa, ndi sopo yemwe uja, ndi aneba omwe aja, analiona okha. Kunja linali lakhaki bwinobwino, chifukwa chigamba chilichonse chinali chitakutidwa ndi nsalu yofanana. Koma m'kati munali mbiri ya banja lonse. Munali kachidutswa ka yunifolomu ya mwana, ka katani yakale ya pabalaza, ka diresi limene a Telala anavala pa ukwati wa mng'ono wawo. Msoko uliwonse unali utamasulidwa n'kuonjezeredwa, chaka ndi chaka. Zigamba ziwiri zomaliza zinali zatsopano, ulusi wake sunade n'komwe.

Anafika kunyumba thalauzalo atalimanga ndi waya. A Telala anali pamakina.

"A Telala, ichi n'chiyani?"

Akazi awo anayang'ana, n'kuchotsa phazi pa chopondera. Sanakane.

"Bambo, zakalezo ndinkangofuna kuti muzipita kuntchito muli osangalala. Munkalikonda thalauzalo."

"Nanga ziwirizi?"

"Ndinkakuonani m'mawa uliwonse pakatoni paja, mukunjenjemera, kenako n'kulowa m'nyumba kukayesa thalauza, osasintha kanthu. Tsiku lija munakhala pabedi n'kunena kuti mwina ndingosiya. Ndiye ndinati ndikupatseni kamphamvu pang'ono."

A Fyuzi anafuna kukalipa, mawu anali atafika kale pakhosi. Koma ungamukalipire bwanji munthu amene wakhala akukukulitsira dziko mwakachetechete kuti usamve kuthina? Anakhala pampando wa makasitomala, n'kuseka mpaka misozi. "Ndiye kuti zaka zonsezi ndakhala ndikutsutsa tauni yonse ndi umboni wa katani."

Madzulo omwewo anatenga matabwa anayi n'kukhoma felemu yofanana ndendende ndi bowo lija, ulendo uno atayeza ndi tepi. Anaipachika kuseri kwa nyumba. "Iyi musaikhudze, a Telala. Ilibe msoko." M'mawa uliwonse akamaliza za pakatoni ankaivala kuchokera kumutu, ndipo inkaima pamimba ngati thireyi ya wogulitsa maswiti.

Apa m'pamene ntchito yeniyeni inayamba, ndipo sinali ya pakatoni ayi. Inali ya pakamwa. Mayi wa pakhomo akatuluka ndi mbale, a Fyuzi ankayang'ana kumwamba ngati akuyendera mawaya. "Apatseni aneba, mayi." Ena ankakhumudwa. Wina anafunsa ngati alowa mpingo wina. Njinga yamoto anayamba kuisiya ntchito ikakhala yapafupi, n'kumayenda pansi, bokosi lili paphewa. Shuga wa m'tiyi anamuchepetsa mpaka tiyiyo ankangomveka ngati madzi okwiya. Mapushapu aja anayamba kukhala enieni, manja akupinda mimba isanafike. Munthu wa pafoni uja ankadana nayebe, koma tsopano ankamaliza naye limodzi.

Kovuta kunali kwa amayi. Tsiku loyamba kukana mazira, amayiwo anapsa mtima kuposa mmene nkhaniyo inalili.

"Wayamba kunyoza chakudya changa?"

"Amama, ndikufuna ndilowe pabowo paja. Mitambo yayamba kusonkhana."

"Bowo, bowo! Bowolo likuthawa? Idya!"

Anakankha mbale mwamphamvu, ndipo inadutsa pambali pa a Fyuzi n'kukagwa pansi. A Fyuzi anatola zidutswa, osamvetsa. Iwo ankavutika chonsechi kuti amayi akhale m'nyumba mwawo, ndiye mkwiyowu unkachokera kuti? Anangoti ndi ukalamba.

Felemu ija inkatsika pang'onopang'ono. Tsiku lina inafika pamchombo n'kukana. Inakhala pamenepo nthawi yaitali, mpaka a Fyuzi anayamba kuilankhula ngati munthu. Kenako m'mawa wina, kunja kukununkha mvula, anakweza manja, anatulutsa mpweya, felemu ija inakhula m'mbali, n'kugwera pamapazi. Anaima m'kati mwake ali kakasi. A Telala, amene ankaonera pawindo, anaomba m'manja, kenako anakweza manja awo onse awiri. "Sindinaikhudze!"

A Fyuzi anaimbira achemwali kuti abwere kwa amayi masana omwewo, iwo n'kutsogola. Kumwamba kunali kutada bii, mabingu akugunda chapatali. Anapeza amayi atakhala pampando wawo pabalaza. Sanatulutse mbale tsiku limenelo.

A Fyuzi anavula malaya, anamanga thalauza ndi waya, anakwera. Mutu, mapewa, chifuwa. Pamalo paja thabwa linawagwira, ngati likufuna kuwakumbutsa. Anatulutsa mpweya wonse, n'kukankha ndi manja aja a pakatoni. Khungu linasupuka m'mbali, koma anapezeka atagwada pamtanda, thupi lonse lili m'siling'i. Anakhala kaye pamenepo, mu fumbi ndi kutentha, akuseka okha. Wakuba wonenepa uja anali atalowa.

Anakwawa pamitanda mpaka kungodya. Makoswe anali atamanga chisa pa bokosi la mawaya, n'kudya pulasitiki yense, mawaya awiri atada ngati makala. Anadula, anaika atsopano, anamanga bwinobwino, anatseka bokosi. Ntchito imene anaivutikira nyengo yonseyi sinatenge nthawi yophikira tiyi. Anatsika, anapukuta m'manja, anakweza swichi yaikulu. Kolido inawala. Khitchini inawala. Babu la pabalaza linayaka pamwamba penipeni pa mutu wa amayi.

A Fyuzi anaima pakhomo la pabalaza, chifuwa chili patsogolo, akudikira kuyamikiridwa.

"Nanga ukuchedwa chiyani?" anatero amayi. "Yatsa tione."

A Fyuzi anayang'ana babu. Anayang'ana amayi. Anayandikira, n'kugwada patsogolo pawo, ndipo kwa nthawi yoyamba m'miyezi yonseyi anaona maso awo powala. Pakati pa diso lililonse panali poyera, ngati madzi otsukira kapu ya mkaka. Anakumbukira tiyi wa m'sosala, mchere uja, mbale imene inawaphonya.

"Amama, ayaka."

Amayi anatambasula mikono. Manja awo anafufuza mpaka anapeza mapewa a mwana wawo, anatsika m'nthiti, anafika m'chiuno, anagwira waya uja.

"Watha, mwana wanga," anatero. "Ndinayesetsa kukudyetsa."

"Munayamba liti kusaona?"

"Fungo lija lisanayambe. Ndimangoona chifunga. Mdima unkandibisa, iwe. Ndikagwa, mlandu unali wa magetsi. Ndinkadziwa kuti tsiku limene udzalowe pabowo paja, ine ndidzatuluka pakhomo."

A Fyuzi mtima unawasweka. Miyezi yonse ija pakatoni, kukana masoseji a anthu, kutukwana munthu wosalakwa wa pafoni, ankaganiza kuti akutsekera amayi awo chitseko, pamene ankachitsegula. Anafuna kunena mawu anzeru, koma chimene chinatuluka ndi ichi: "Amama, mukanandiuza, ndikanadya."

Amayi anaseka, misozi ikutsika. Panja madontho oyamba anayamba kugunda malata a bambo, ndipo pageti panalira hutala ya galimoto ya achemwali.

Amayi anawagwira dzanja mwamphamvu. "Babu lili mbali iti? Ndiuze, ndiziyang'ana kumeneko akamalowa."

"Lero lokha, amama. Mawa ndikubwera m'mamawa, tipita kwa adokotala a maso, ndipo achemwali ndiwauza ndekha tikachokako. Zoyera zimenezi ena amawachotsa. Mpaka tidziwe, ine ndizigona muno."

"Uzigona pati? Bedi lako lija ndi laling'ono."

"Pano ndikwanapo."

Hutala inaliranso. A Fyuzi anagwira chibwano cha amayi awo ndi zala ziwiri, n'kuchitukula pang'onopang'ono mpaka kuwala kunagwera pankhope yonse. "Apo. Musasunthe."

"Koma ndiye kwawala bwino," anatero amayi mokweza, akuyeserera mawu oti achemwali adzamve.

A Fyuzi anapukuta m'maso ndi malaya, n'kutuluka m'mvula kukatsegula geti, dzanja limodzi litagwira thalauza.